Ndapaka jelo wa ziphuphu masabata atatu koma nkhope ikungowotcha, kodi ndisiye?

"Adokotala, ndine mayi wa zaka 24. Ziphuphu zinandiyamba ndili kusekondale, koma chaka chino zanyanya, makamaka m'masaya ndi pachibwano, ndipo chilichonse chikapola chikusiya banga lakuda. Nditapita kuchipatala anandilembera jelo wopaka kumaso. Pa chubu palembedwa adapalene 0.1% ndi benzoyl peroxide 2.5%. Ndapaka masabata atatu, m'mawa ndi madzulo, ndipo pamene pali chiphuphu chachikulu ndimaunjikapo wambiri kuti chiume msanga. Pano nkhope ikuwotcha, khungu likusendeka m'mbali mwa mphuno ndi pakamwa, ndikasamba ndi sopo kumababa, ndipo ziphuphu zikuoneka ngati zawonjezeka. Mnzanga wandipatsa kirimu wina amene akuti amachotsa ziphuphu ndi mawanga m'masiku ochepa. Kodi mankhwala a kuchipatalawa sakundiyanja? Ndiwasiye ndiyambe wa mnzangayu? Ndili pabanja, ndipo chaka chamawa tikufuna mwana."

Chemwali, mtima m'malo. Nkhope yanu sinawonongeke, ndipo pa zimene mwalembazi sindikuona chosonyeza kuti mankhwalawa akukukanani. Pa zaka zimene ndakhala ndikuona odwala matenda a khungu, sabata yachitatu ndi imene ambiri amabwereranso atakwiya, chubu chili m'manja, kufunsa kuti kodi munandipatsa chiyani. Jelo amene anakulemberaniyo ndi wabwino, ndipo ndi mmodzi mwa oyamba amene timalemba pa ziphuphu za mtundu wanu. Pavuta ndi pa kapakidwe. Mankhwala oyenera kupakidwa kamodzi pa tsiku inu mukupaka kawiri, mukupaka ambiri, ndipo mukuwaunjika pa chiphuphu chimene chatuluka kale, pomwe ntchito yake yaikulu ili pa khungu limene likuoneka ngati lilibe vuto. Kirimu wa mnzanuyo muyambe mwamuika pambali, ndifikako.

Pakhungu pali timabowo ting'onoting'ono momwe mumatulukira ubweya, ndipo kabowo kalikonse kali ndi kathumba kopanga mafuta. Mafutawa amatuluka n'kumafewetsa khungu. Munthu akatha msinkhu, mahomoni otchedwa androgen, amene amuna ndi akazi omwe ali nawo, amachititsa kuti mafutawo achuluke. Nthawi yomweyo maselo akufa a m'kati mwa kabowo, m'malo moyoyoka n'kutuluka, amamatirirana n'kutseka njira. Apa pagalasi simuona kalikonse. Pakapita masabata, kabowo kotsekekako kamafufuma n'kukhala kachiphuphu koyera kosapweteka, kapena kaja ka mutu wakuda. Kuda kwake si litsiro ayi, ndi mafuta ndi maselo amene asintha mtundu atakumana ndi mpweya, n'chifukwa chake kukhula nkhope mwamphamvu sikuthandiza. Ndiye pali bakiteriya wotchedwa Cutibacterium acnes, amene amakhala pakhungu la munthu aliyense, wa ziphuphu ndi wopanda ziphuphu yemwe. Akapeza kabowo kotsekeka kodzaza mafuta amaswana, asilikali a m'thupi amathamangirako, malowo n'kutupa, kupweteka ndi kuchita mafinya. Choncho chiphuphu chimene mwadzuka nacho lero si chalero. Chinayambika masabata angapo apitawo, mwina musanagule n'komwe chubucho.

Mu jelo wanu muli mankhwala awiri ogwira ntchito zosiyana. Adapalene ali m'gulu la mankhwala otchedwa retinoid, amene amagwira ntchito mofanana ndi vitamini A. Iyeyu amachititsa kuti maselo a m'timabowo aziyoyoka bwino osamatirirana, amamasula timabowo totsekeka kale, komanso amachepetsa kutupa. Benzoyl peroxide amapha bakiteriya uja, ndipo ubwino wake ndi wakuti bakiteriya samuzolowera ngakhale mutapaka miyezi yambiri. Onse awiri amaumitsa khungu, ndipo akaphatikizana amaumitsa kwambiri. Khungu limafuna nthawi kuti liwazolowere. Kuwotcha, kuuma ndi kusendeka kumafika pachimake m'masabata awiri kapena anayi oyamba, kenako kumayamba kuchepa ngati munthu akupaka moyenera. Inu muli pakati penipeni pa nyengo yovutayo, ndipo mwaikulitsa ndi kupaka kawiri.

Zakuti ziphuphu zawonjezeka, pangakhale zinthu ziwiri. Mwa anthu ena, timabowo timene tinali totsekeka kale timatulukira pafupifupi nthawi imodzi m'masabata oyamba, moti zimaoneka ngati mankhwala abweretsa ziphuphu zatsopano. Zimenezi zimatuluka m'malo omwe mumatulukira ziphuphu nthawi zonse, ndipo zimatha zokha. Koma khungu lopsa ndi mankhwala ochuluka nalonso limachita tizilonda ndi totupa, makamaka m'malo ofewa monga m'mbali mwa mphuno ndi m'ngodya za milomo, kumene jelo amakonda kukaunjikana. Pa zimene mwafotokoza, ndikuganiza kuti muli ndi zonse ziwiri, koma chachiwirichi ndicho chachikulu.

Ndiye chitani chonchi. Lekani kupaka kwa masiku atatu mpaka asanu, kapena kufikira kubaba kutasiya. M'masiku amenewa sambani kumaso ndi madzi ofunda pang'ono, osati otentha, ndi sopo wofatsa wopanda fungo lamphamvu, pogwiritsa ntchito manja okha. Chosambira chokhakhala, sopo wa timchenga wokhulira nkhope, ndi mankhwala ena alionse oumitsa khungu, zisiyeni. Mukasamba dzolani mafuta ofewetsa khungu opepuka, opanda perefyumu. Pa botolo yang'anani mawu akuti non-comedogenic, kutanthauza kuti satseka timabowo. Anthu a nkhope ya mafuta ambiri amaopa kudzola, amati ziphuphu ziwonjezeka. Pa mankhwala awa musaope, chifukwa amene sadzola ndi amene amalephera kupirira n'kusiyira panjira. Khungu likusendekalo musalimatule ndi zikhadabo, lidzachoka lokha.

Kubaba kukatha yambiraninso, koma usiku wokha. Sambani, pukutani mofatsa, dikirani mphindi 20 kuti khungu liumiretu, chifukwa pakhungu lonyowa mankhwala amalowa kwambiri n'kuwotcha. Finyani pachala kadontho kakang'ono ngati njere imodzi ya nsawawa. Kameneko n'kokwanira nkhope yonse. Ndikudziwa kuti mukakaona mudzati sikakwana, aliyense amatero. Kagaweni pamphumi, pa tsaya lililonse ndi pachibwano, kenako falitsani mpaka pasaoneke kanthu. Pakani dera lonse limene limatuluka ziphuphu, ngakhale pamene lero pali posalala. Pewani zikope, milomo, ngodya za pakamwa, m'makwinya a m'mbali mwa mphuno, ndi paliponse pamene pali bala kapena chilonda. Ngati malo amenewa savuta kupsa, yambani mwawapaka mafuta a petroleum jelly pang'ono kuti jelo asafikepo. Mukamaliza sambani m'manja, dikirani pang'ono, n'kudzola mafuta anu ofewetsa aja pamwamba.

Musayambe ndi usiku uliwonse. Masabata awiri oyamba pakani kawiri kapena katatu pa sabata. Khungu likalola, muzidumphitsa usiku umodzi, ndipo pakatha mwezi kapena kuposerapo mufike pa usiku uliwonse. Likayambanso kuwotcha bwererani m'mbuyo pang'ono, palibe chimene mwataya. Kwa a khungu losachedwa kupsa ndimawauza njira zina ziwiri. Yoyamba ndi kudzola mafuta ofewetsa kaye, kenako jelo pamwamba pake. Yachiwiri ndi kupaka jelo, kukhala naye ola limodzi, n'kusamba, kwa masabata angapo oyamba. Mankhwala amagwirabe ntchito, ndipo munthu amakhalabe pa mankhwala, zomwe n'zofunika kuposa kupaka mwamphamvu sabata imodzi n'kusiya. Ngati ndi zonsezi khungu likukanabe, bwererani kwa amene anakulemberani. Angathe kukusiyanitsirani awiriwo, adapalene yekha usiku, benzoyl peroxide wosambira m'mawa.

Kusintha koyamba anthu ambiri amakuona pakati pa masabata 6 ndi 8, ndipo sitiweruza kuti mankhwala alephera asanakwane masabata 12 akupakidwa moyenera. Kwa inu tiwerengere kuyambira tsiku limene muyambirenso. Jambulani nkhope yanu pafoni lero, pamalo owala bwino, musanadzole kalikonse, ndipo muzijambulanso pamalo omwewo kamodzi pa mwezi. Galasi la tsiku ndi tsiku limanamiza, chifukwa diso limathamangira pa chiphuphu chatsopano n'kuiwala zisanu zimene zapola.

Tsopano za mawanga akuda, amene ndikukhulupirira kuti akukupwetekani mtima kuposa ziphuphu zenizenizo. Khungu lakuda likatupa kapena kupsa, maselo opanga mtundu wa khungu amatulutsa utoto wochuluka pamalopo, ndipo chiphuphu chikapola pamatsala banga. Limeneli si chipsera chenicheni. Limazilala lokha, ngakhale limatenga miyezi, nthawi zina kupitirira chaka ngati utoto walowa mozama. Pali mfundo imene ambiri saidziwa, ndipo ikukhudza inu mwachindunji: kupsa ndi mankhwala nakonso kumasiya mawanga. Pakhungu loyera munthu akapsa amafiira, aliyense n'kuona kuti wapitirira muyezo. Pakhungu lakuda kufiirako sikuoneka bwino. Chimene mumaona ndi kutuwa, kunyezimira kwachilendo ngati khungu lakokeka, kenako dera lonse lozungulira pakamwa kapena m'masaya limada kuposa nkhope yonse. Ndaonapo anthu ziphuphu zitatha bwinobwino koma atatsala ndi chigamba chakuda chozungulira pakamwa, chifukwa anapirira kuwotcha poganiza kuti ndiye kuti mankhwala akugwira. Kuwotcha si umboni wakuti mankhwala akugwira ntchito. Kunyerenyesa pang'ono kwa mphindi zochepa n'kovomerezeka, koma kubaba kwa tsiku lonse kukutanthauza kuti muchepetse.

Adapalene yemweyo amathandiza kuzilalitsa mawanga pang'onopang'ono. Chimene chimawadetsa kwambiri ndi dzuwa ndi kufinya. M'mawa uliwonse dzolani mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa, ndipo ngati mukhala panja nthawi yaitali dzolaninso, muvalenso chipewa. Pali chikhulupiriro chakuti munthu wakuda safunika mafuta amenewa. Pa nkhani ya mawanga, amawafuna kwambiri, ndipo jelo wanuyo amachititsanso khungu kusachedwa kupsa ndi dzuwa. Kufinya ndiye ndikupempheni ndithu, manja achoke kumaso. Mukafinya, mafinya ena amatuluka, ena amaphulikira m'kati, ndipo m'menemo ndi momwe mumachokera mawanga okhalitsa ndi maenje osatha.

Kirimu wa mnzanuyo sindinamuone, koma chilichonse chimene chimalonjeza kuchotsa ziphuphu ndi mawanga m'masiku ochepa ndimachikayikira kwambiri. Werengani pa chubu ndi pa bokosi. Mukaona mawu monga clobetasol, betamethasone, kapena ena othera ndi "sone" kapena "solone", kupatula dapsone, dziwani kuti muli steroid. Amenewa ndi mankhwala enieni, othandiza pa matenda ena a khungu, kwa nthawi yochepa, dokotala akuyang'anira. Pa ziphuphu ndi msampha. Masiku oyamba amaletsa kutupa, nkhope imasalala ndi kuwala, anzanu n'kumakuyamikirani. Pakapita masabata kapena miyezi khungu limapyapyala, timitsempha timayamba kuoneka, ubweya umamera m'masaya, ndipo pamatuluka tiziphuphu tambirimbiri tofanana kukula, tambiri kuposa timene munali nato poyamba. Mukasiya nkhope imawotcha ndi kutupa, mukapakanso imakhala bwino masiku awiri, ndiye munthu amangopakabe zaka. Odwala otere ndi amene amanditengera nthawi yaitali kwambiri kuwathandiza, kuposa amene sanapakepo kanthu. Makirimu ena oyeretsa khungu amakhala ndi hydroquinone, amene akapakidwa nthawi yaitali angathe kudetsa khungu mtundu wabuluu moderapo umene umavuta kuchoka, ndipo ena amakhala ndi mercury, amene amawononga impso ndi mitsempha komanso amavulaza mwana m'mimba. Choopsa china n'chakuti ena mwa makirimu amenewa salemba zonse zimene zilimo. Ngati pa chubu palibe mndandanda wa zomwe zilimo, kapena anakupungulirani m'kabotolo kopanda dzina, musapake. Mutengereni kuchipatala kapena kufamase akauone. Mnzanuyo akukufunirani zabwino, ndipo mwina naye akufunika kuonedwa. Ngati wakhala akupaka steroid miyezi yambiri, asasiye mwadzidzidzi payekha, apite akamuthandize kusiya pang'onopang'ono.

Pali kanthu kena kamene kadzakudabwitsani ngati sanakuuzeni. Benzoyl peroxide amasulutsa nsalu. Thawulo la mtundu limachita zigamba zoyera kapena zachikasu, chikwama cha pilo chimodzimodzi, ngakhalenso kolala ya malaya ogonera. Amatha kusulutsanso nsidze ndi tsitsi la m'mphepete mwa mphumi. Gwiritsani ntchito thawulo loyera ndi chikwama cha pilo choyera, ndipo musambe m'manja musanagwire zovala. Chubu muzichitseka bwino n'kusunga pozizira, kutali ndi dzuwa ndi moto, osati pawindo kapena m'galimoto. Ndipo pa nthawi yonse imene muli pa adapalene musachotse ubweya wa kumaso ndi phula lomata lija, chifukwa limatha kuchoka ndi khungu lomwe.

Nkhani ya mwana mwachita bwino kuitchula, ndipo ndikufuna muimvetsetse. Mankhwala a gulu la retinoid, adapalene, tretinoin ndi tazarotene, sapakidwa ndi mayi woyembekezera kapena amene wayamba kuyesa kutenga pathupi. Popeza mukufuna mwana chaka chamawa, muli ndi miyezi yokwanira kuti jeloyu akuthandizeni, bola pakali pano mukugwiritsa ntchito njira yodalirika yolera. Mukagwirizana ndi bambo a kunyumba kuti nthawi yakwana, yambani mwapita kwa dokotala akusinthireni mankhwala musanasiye kulera. Zikachitika kuti mwazindikira kuti muli ndi pathupi muli pa jeloyu, siyani kupaka tsiku lomwelo ndipo mukawauze kusikelo. Musachite mantha opitirira, chifukwa mankhwala opaka amene amalowa m'magazi ndi ochepa kwambiri, koma tilibe chifukwa chopitirizira. Pa nthawi ya pathupi pali ena amene timagwiritsa ntchito: azelaic acid wa 15% kapena 20%, amene amathandizanso mawanga akuda, benzoyl peroxide payekha, ndi clindamycin wopaka. Zimene muyenera kuzipeweratu ndi mapiritsi a ziphuphu a isotretinoin, amene amapundula mwana m'mimba koopsa, ndi a doxycycline. Mukamadzayamwitsa funsaninso, ndipo mankhwala alionse a ziphuphu asamapakidwe pachifuwa pamene mwana amagona ndi kuyamwa.

Njira yolera imene mukugwiritsa ntchito ingakhalenso ndi mbali pa kunyanya kwa ziphuphu chaka chino. Njira za homoni imodzi ya progestin, monga jakisoni wa miyezi itatu ndi kachipangizo ka pamkono, zimawonjezera ziphuphu mwa amayi ena, pomwe mapiritsi a mahomoni awiri nthawi zambiri amazichepetsa. Kumbukirani ngati ziphuphu zinayamba kunyanya mutasintha njira. Musasiye kulera nokha chifukwa cha zimenezi, makamaka muli pa adapalene. Kakambiraneni ndi a zakulera, chifukwa mapiritsi a mahomoni awiri nawonso sayenera aliyense, monga a kuthamanga kwa magazi, amene anadwalapo kuundana kwa magazi, ndi a mutu waching'alang'ala wa mtundu wina.

Yang'ananinso zimene zimakhudza nkhope yanu tsiku ndi tsiku. Mafuta olemera a m'tsitsi amatsikira pamphumi ndi m'mbali mwa nkhope n'kutseka timabowo, ndipo ziphuphu zake zimandandalika m'mphepete mwa tsitsi. Zodzoladzola zokhuthala za kumaso zogona nazo zimachita chimodzimodzi. Mankhwala ena akumwa amabweretsa ziphuphu, monga prednisolone, lithium, isoniazid wa TB ndi ena a khunyu. Ngati mukumwa ena mwa amenewa musawasiye, ingomuuzani dokotala. Za zakudya anthu amakamba zambiri. Chimene chili ndi umboni ndi chakuti zinthu za shuga wambiri ndi mkaka zimawonjezera ziphuphu mwa anthu ena, koma kudzimana chakudya sikulowa m'malo mwa mankhwala.

Owerenga ena analemberedwa jelo wosiyana ndi wanu, ndiye ndinene mwachidule. Amene ali ndi clindamycin kapena erythromycin wopaka adziwe kuti amenewa ndi maantibayotiki, ndipo akapakidwa okha kwa nthawi yaitali bakiteriya amawazolowera n'kusiya kufa. N'chifukwa chake timawaphatikiza ndi benzoyl peroxide, ndipo sitiwapitiriza miyezi yambirimbiri. Wa tretinoin apake usiku wokha ndipo asamusanjikize ndi benzoyl peroxide nthawi imodzi, chifukwa kuwala ndi benzoyl peroxide zimamufoola, vuto limene adapalene alibe. Wa dapsone akasanjikiza ndi benzoyl peroxide khungu limachita chikasu kwa kanthawi. Ndipo chubu cha mnzanu si chanu, ngakhale ziphuphu zikuoneka zofanana.

Pali zizindikiro zimene simuyenera kudikira nazo. Mukapaka n'kuona nkhope, zikope kapena milomo ikutupa, zidzolo zoyabwa zikubuka thupi lonse, pakhosi pakuthina kapena kupuma kukuvuta, sambani msanga ndipo thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo. Zimenezi sizichitikachitika, koma ndiye kukanidwa ndi mankhwala kwenikweni. Matuza, khungu lotuluka madzi, kapena kuyabwa koopsa kumene kumabwerera nthawi iliyonse mukapaka ngakhale kadontho kakang'ono, zikusonyeza kuti mwina thupi lanu silikugwirizana ndi benzoyl peroxide. Siyani, kaonedweni m'masiku omwewo. Amene akupaka clindamycin akayamba kutsegula m'mimba kwambiri, makamaka kwa magazi, asiye ndipo apite kuchipatala.

Zina si zadzidzidzi koma zikufunika kuti mubwerere. Ngati ziphuphu zanu ndi zija zikuluzikulu zolimba, za m'kati, zopweteka, zotenga masabata kuti zipole, jelo yekha sakwanira, ndipo kudikira kumangowonjezera zipsera. Chimodzimodzi ngati mwayamba kuona maenje pakhungu, kapena zipsera zotupa zolimba m'nsagwada, pachifuwa kapena kumsana, zimene khungu lakuda limakonda kuchita. Pamenepa timawonjezera mapiritsi, kawirikawiri doxycycline kwa miyezi pafupifupi itatu pamodzi ndi jelo, ndipo zikakanika dokotala wa khungu amaganizira isotretinoin, amene kwa mayi amafuna kulera kotsimikizika ndi kuyezedwa pathupi pafupipafupi. Inuyo mwatchula ziphuphu za pachibwano pa zaka 24. Ngati pamodzi ndi zimenezi msambo wanu umadumphadumpha, mukumera ndevu kapena ubweya pachifuwa, tsitsi la pamutu likuthothoka kapena mukunenepa mosadziwika bwino, nenani, kuti akuyezeni vuto la mahomoni lotchedwa PCOS. Kwa inu amene mukufuna mwana, kulidziwa msanga n'kothandiza. Bwereraninso ngati masabata 12 akwana mukupaka moyenera koma zithunzi zanu sizikusonyeza kusintha. Nthawi zina chimene chimaoneka ngati ziphuphu chimakhala china, monga tiziphuphu toyabwa tofanana kukula pamphumi ndi pachifuwa toyambitsidwa ndi fangasi, kapena kwa abambo totupa tobwera chifukwa chometa ndevu, ndipo zimenezi mankhwala ake ndi ena.

Ndimafunsanso odwala anga mmene ziphuphu zikuwakhudzira mumtima, chifukwa ambiri sanena okha. Ngati mwayamba kupewa anthu, kukana kujambulidwa, kujomba kuntchito, kapena kukhala wokhumudwa masiku ambiri chifukwa cha nkhope, muuzeni dokotala mosabisa. Chimenecho pachokha ndi chifukwa chokwanira choti akupatseni chithandizo champhamvu msanga, ngakhale ziphuphuzo zikuoneka zochepa m'maso mwa ena.

Nkhope ikadzasalala musadzataye chubu. Apa ndi pamene ambiri amabwereranso pakatha miyezi iwiri kapena itatu ziphuphu zitayambiranso, chifukwa timabowo timayambanso kutsekeka mankhwala akangosiyidwa. Dokotala wanu angakuuzeni kuti mupitirize ndi jelo yemweyu kapena adapalene yekha, mwina mausiku awiri kapena atatu pa sabata, kufikira nthawi imene mudzasinthire ku mankhwala oyenera pathupi. Pa ulendo wotsatira wa kuchipatala nyamulani chubu chanu, kirimu wa mnzanuyo, mafuta onse amene mumadzola kumaso ndi m'tsitsi, ndi zithunzi za pafoni zija, ndipo muwauze za dongosolo lanu la mwana kuti alembe m'buku lanu.